Tulo ta Pemphero

Alefa anabadwira kufupi ndi Chinakanaka, m'banja limene agogo ake anachita kuoloka Muloza wapansi kuchokera ku Mozambiki, mphasa ili pamutu, kudzafuna ntchito m'minda ya tiyi. Agogowo anathyola tiyi mpaka msana unakana kuwongoka. Amayi ake anathyola tiyi. Nayenso atasiya sukulu ali Sitandade 6, poti pakhomo panafunika manja ena, anabereka dengu kumsana, ndipo mpaka lero silinatsikeko. Mukamufunsa za moyo wake amathera pomwepo, n'kukuyang'anani modabwa kuti mumayembekezera chiyaninso.

Anthu odutsa pagalimoto ntchito imeneyi amaiona yokongola, ena mpaka amaima n'kujambula. Sadziwa kuti mame a m'mawa amalowa mpaka m'mafupa, kuti m'mizeremo mumagona njoka, kuti ukafika kusikelo kalaliki amapapasa m'dengu n'kunena kuti okhwima achuluka. Alefa anali wothyola wapakatikati, wopanda changu chotchuka komanso wosatchulidwa pa aulesi. Masamba awiri ndi kansonga, kuponya kumbuyo, masamba awiri ndi kansonga, kuyambira kum'mawa kukufiira mpaka mapewa atayaka moto. Chilimwe masamba akachepa ankapalira kapena kudulira, ndipo madzulo ankakanda kamunda kake ka nandolo ndi chinangwa. Lamlungu kutchalitchi ankasinza ulaliki uli mkati, ndipo anasiya kalekale kuchita nazo manyazi.

Mwamuna analipo, dzina lake Gabriel, munthu wa nthabwala zokoma ndi manja aulesi. Tsiku lina anapita kutsidya kwa malire kukapikula nsomba zouma, n'kukaiwala njira yobwerera. Anasiya njinga yopanda tcheni ndi mwana wamkazi woyamwa, Pemphero. Njingayo Alefa anaigulitsa. Mwanayo anamulera yekha m'nyumba ya kampani, kumalaini a esiteti ina kuseri kwa Chitakale: zipinda ziwiri ndi kazenera kamodzi koyang'anizana ndi khoma la nyumba inzake, moti ngakhale masana munthu ankachita kupapasa pofuna supuni.

Chinthu chimodzi Alefa anachilumbirira ali yekha, osauza ngakhale abusa: dengu lithera pa iye. Ankadziwa bwino mmene limamuyambira mwana. Lero wakubweretsera chinangwa chophika kumunda. Mawa akuthyolako timasamba mosewera. Mkuja kapitawo akuti mwana wanuyu ali ndi zala zachangu, ndipo basi, zatha. Choncho Pemphero sankaloledwa kuponda m'munda wa tiyi. Akaweruka kusukulu, molunjika kunyumba, chitseko n'kutseka. Panja panali fumbi, anyamata a kabaza ndi ana a anthu osaganiza za mawa. M'nyumba munali mabuku.

Nzeru ya kawerengedwe anaitenga kwa mlongo wake Robson, munthu yekhayo m'banja lawo amene anakhoza mayeso n'kukakhala pampando wa muofesi ku Limbe. Alefa ankakumbukira bwino mmene Robson anakhozera: mapazi m'beseni la madzi ozizira, buku pamaondo, koloboyi pambali. Tulo tikamubwerera ankagwedeza mapazi m'madzimo n'kupitiriza. Amene anasambapo madzi a pampopi ku Mulanje mwezi wa Juni akudziwa mmene amalumira. Kwa Alefa nkhani inali yosavuta. Sukulu ndi nkhondo ya munthu ndi tulo, ndipo amene wagona waluza. Iye analuza chifukwa ankafika madzulo atatheratu ndi ntchito za pakhomo. Mwana wake sadzaluza.

Beseni linayamba Pemphero ali Sitandade 5. Alefa ankalidzaza yekha, kuliika pansi pa katebulo, n'kumufulira mwana tiyi wakuda bii wopanda shuga, poti masamba okha ndiwo sankasowa pakhomopo. Mwana ankawerenga ndi katochi kotchaja ndi dzuwa, kowala mwaulesi, buku lili pafupi ndi mphuno, mpaka mawailesi onse a kumalaini atazima. Tambala woyamba akalira, Alefa podzuka kukasonkha moto ankayamba wagwedeza phewa la mwana. Pemphero sankanyinyirika. Anali wofatsa mopitirira muyezo, mwana woti ukamuuza kuti dikira pano, umamupeza pomwepo mvula itamunyowetsa.

Ndipo zinkayenda. Teremu ndi teremu ankabwera ndi nambala wani, zikavuta nambala thu. Joice wa nyumba yoyandikana nayo, mayi wa pakamwa posatseka amene ana ake ankakhalira kuthamangitsana m'fumbi, ankakonda kumuseka. Ankati amake Pemphero akuweta mwana ngati nkhuku yachizungu, ya m'khola, yosadziwa kupalasa. Alefa ankaseka nawo, koma mumtima ankati tidzaonana ana anuwo akadzabereka madengu.

Zinayamba kusintha mwana atalowa Sitandade 8, chaka chenicheni cha mayeso. Pemphero anayamba kuyang'ana zinthu motsinzinira, chipumi chitakwinyika. Ukamuitana uli pataliko ankatembenuka n'kuchepetsa maso ngati munthu wongodzutsidwa kumene. Alefa anaona, ndipo matendawo anawadziwa dzina lake nthawi yomweyo: tulo. Anawonjezera masamba m'tiyi. Madzi a m'beseni akayamba kufunda ankawasintha. Malikisi atatsika, aphunzitsi anamuitanitsa n'kumuuza kuti mwanayu masiku ano amangosinza, ndipo akamufunsa zimene zalembedwa pabolodi amangoti kakasi. Poti anali wamtali ankakhala kumbuyo kwenikweni, m'kalasi lodzaza mpaka pakhomo, ndipo manotsi ankakopera kwa mnzake wa pambali pamodzi ndi zolakwa zake zomwe. Alefa anapepesa, nalonjeza kuti akamulimbitsa. Anakamulimbitsadi.

Pemphero mwini wake anadzafotokoza pambuyo pake kuti chifunga chinabwera m'maso mwake pang'onopang'ono, moti ankayesa kuti aliyense amaona choncho, ndipo amene amawerenga pabolodi ali kumbuyo ndi ochenjera chabe kuposa iye.

Tsiku lina m'mwezi wa Malichi, masamba ali pachimake, gulu la Alefa linaweruka mochedwa kumunda wa m'mbali mwa msewu. Mvula inali itawakwapula kuyambira m'mawa. Ankayenda mondondozana, mapepala apulasitiki ali m'chiuno, madengu kumsana, matope mpaka m'maondo. Tsidya lina la msewu kunkadutsa ana a Sitandade 8 ochokera ku makalasi a masana, ndipo pakati pawo Alefa anaona mwana wake, wamtali, atavala yunifolomu imene anamusitira yekha ndi ayironi yamakala. Mtima unamukomera. Anaimika dzanja n'kulikupiza. Pemphero anayang'ana komweko, maso ake anaima pa amayi ake enieni, kenako anatembenuka n'kupitiriza kucheza ndi anzake.

Amayi a m'gulumo anaona. Wina anatsokomola. Wina anati ndi mmene amachitira akaphunzira, dengu limayamba kuwanunkhira. Alefa anatsitsa dzanja n'kuyamba kukonza lamba wa dengu amene sanali womasuka n'komwe.

Zinamupweteka kwambiri, kuposa kuchoka kwa Gabriel, chifukwa Gabriel anali mwana wa eni ake. Sanakalipe. Analibe mphamvu zokalipira. Ankaphika, kupakula, kudzaza beseni, osayankhula, ndipo mwana ankangomuyang'ana mwamantha osadziwa chimene walakwa. Zinaphulika Lamlungu masana atabwera kutchalitchi, Pemphero atafunsa ngati amayi akudwala.

"Ndikudwala, inde. Ndikudwala manyazi akowo. Dengu lomwe ukulithawa pamaso pa anzakolo ndi limene lakugulira nsapato wavalazo."

Pemphero sanamvetse. Atamukumbutsa za pamsewu paja, misozi inayamba kutsika.

"Amayi, sindinakuoneni. Ndinangoona kuti kukudutsa anthu."

"Unandiyang'ana m'maso, iwe."

"Sindinakuoneni, amayi. Olo mundimenye."

Joice, amene khutu lake linkakhala pakhoma nthawi zonse, analowa osaodira. Anamugwira mwana padzanja, namuimika pakhomo, n'kuloza kumpopi kumapeto kwa laini. Anamufunsa kuti akutunga madzi uyo ndani. Pemphero anatsinzinira, anasuzumira kutsogolo, nayankha kuti ndi mayi wina wonenepa wovala zofiira, koma nkhope sakuiona bwino poti wawerama. Kumpopi kunalibe munthu. Kunali mgolo umene wina anayanikapo chitenje. Joice anayamba kuseka, koma kusekako kunathera pakati.

"Amake Pemphero, mwanayu saonatu."

Joice anali kale ndi mayina a anthu ansanje amene akanatha kuchita zoterezi, ndiponso dzina la bambo wina wa ku Muloza wodziwa kuzitsuka. Alefa anali wotopa kwambiri moti sakanatha kuyamba kudana ndi munthu watsopano. Anapempha tsiku kwa kapitawo, amene anamupatsa nkhope ili ndwii, napita ndi mwana kuchipatala ku boma.

Anakhala pabenchi mpaka dzuwa linafika paliwombo. Woona za maso anali mayi wachitsikana wolankhula mofatsa. Anamukhazika Pemphero pampando n'kumuuza kuti awerenge zilembo za pakhoma. Mwana wa nambala wani anawerenga chilembo chachikulu cha pamwamba, n'kuima. Alefa ankaziona zonse mpaka mzere wapansi ali chiimire pakhomo, ndipo anachita kudziluma lilime kuti asamunong'oneze.

Kenako dokotalayo anayamba mafunso. Kodi kubanja kwanu alipo wovala magalasi? Alefa anati ayi, kenako anakumbukira. Achimwene a ku Limbe amavala, okhuthala ngati pansi pa botolo, koma ajatu ndi a sukulu. Kwawo onse ankadziwa choncho, kuti munthu akaphunzira kwambiri amavala magalasi monga mmene m'busa amavalira kolala. Robson atabwera nawo koyamba amayi awo anapha nkhuku.

Dokotala anamwetulira pang'ono, nafunsa kuti mwanayu amagona nthawi yanji, nanga panja amasewera? Apa Alefa anawongola msana. Ili linali funso loti akhoza. Anafotokoza zonse monyadira, za beseni, za tiyi, za tambala woyamba, za chitseko chotseka. Anati ameneyu si mwana woyendayenda ayi, dzuwa amangolionera popita ndi pobwera kusukulu. Ali mkati mofotokoza anaona kuti dokotala waika cholembera pansi.

Mayiyo sanamukalipire, ndipo mwina zikanapepuka akanakalipa. Anati diso la mwana limakula monga likulira thupi, ndipo la Pemphero latalika mopitirira, n'chifukwa chake za pafupi akuziona koma za patali zikusungunuka. Kwa ena zimayenda m'magazi. Koma zimaonekanso kawirikawiri kwa ana ogona mochedwa, ogona pang'ono, okhalira m'nyumba buku lili pamphuno. Anati sangalumbire kuti chachititsa ndi chiti, ndipo palibe angalumbire. Chimene anganene n'chakuti pamene lafika silibwereranso, ndipo poti mwana akukulabe, likhoza kumapitirira chaka ndi chaka mpaka adzavale magalasi okhuthala kuposa a malume ake.

"Ndiye mankhwala ake?" anafunsa Alefa.

"Magalasi tikulemberani. Koma mankhwala enawo ali kwanu komweko, mayi. Azigona mokwanira. Ndiponso tsiku lililonse azikhalako panja, azisewera ndi anzake padzuwa."

"Padzuwa?"

"Eya, panja basi. Kuwala kwa panja kumathandiza maso a ana."

Alefa anaseka kuseka kouma. Dzuwa limene lakhala likumuwotcha pakhosi kuyambira ali mtsikana, limene watha zaka akumutchingira mwana wake, lero ndiye mankhwala, ndipo ana a Joice akhala akumwa ulere. Anafunsa kuti nanga mayeso, poti ayandikira. Dokotala anati mwana wogona bwino ndi amene amakumbukira zimene wawerenga. Alefa anavomera ndi mutu chifukwa cha ulemu, koma mumtima ankaona Robson ndi tayi yake.

Robson mwini wake atamva nkhaniyi anaseka pafoni. Anati iyeyo beseni linamuthandiza, madokotala a masiku ano angofuna kulera ana aulesi. Alefa anafuna kumufunsa kuti akavula magalasi akewo amaona mpaka pati, koma anameza funsolo, poti magalasi a mwanayo ankagula ndi yemweyo.

Tsiku lokawatenga, pobwerera anatsika minibasi pa Chitakale n'kuyenda wapansi. Pemphero ankaponda mosamala, akuyang'ana uku ndi uku, akuwerenga mokweza zikwangwani za masitolo a tsidya lina la msewu. Alefa anayamba kumva kupepukidwa. Koma atafika pamene njira imadutsa pakati pa minda, mwana anaima. Pachitunda panali gulu la othyola, ndipo kwa nthawi yoyamba sanali madontho oyenda m'zobiriwira. Anali anthu, aliyense ndi msana wake. Anayang'anitsitsa gogo wina amene ankakwera mzere atagwira bondo ndi dzanja limodzi, dengu likumukokera kumbuyo. Anafunsa ngati agogo amenewo amathyola tsiku lonse. Alefa anati inde. Anafunsa ngati amayi nawonso amakwera pamenepo. Alefa anati pamenepo ndi pabwino, pali pena. Atangofika kunyumba, mwana anatsegula buku.

Kuyambira tsiku limenelo nkhondo inatembenuka. Alefa anatenga beseni n'kuviikamo zovala, Pemphero anadzaza chidebe. Alefa anabisa tochi m'thumba la ufa, Pemphero anabwereka ya mnzake. M'mawa Alefa ankadzuka monyang'ama, nsapato zili m'manja, koma ankapeza mwana ali kale tsonga, poti thupi linazolowera tambala. Akamuuza kuti agone, ankayankha mwaulemu kuti teremu yatha anatsalira, ndiye ayenera kuwapeza anzake. Tsiku lina anawonjezera kuti maso akafuna kufa afe, bola asankhidwe kusekondale. Theka la mtima wa Alefa linkagwirizana ndi mawuwo. Akamulola kuwerenga, ankaona magalasi akukhuthala. Akamukakamiza kugona, ankaona dengu. Kumunda manja ankathyola okha mutu uli pa zimenezi, ndipo anali wotopa kutopa kumene kugona sikuchotsa.

Loweruka lina, mayeso atatsala milungu yowerengeka, anaweruka masana n'kupeza chitseko chotseka monga mwa masiku onse. Kunja kunali kowala bwino, mvula itasiya, ana a kumalaini akusewera fulaye pabwalo, mpira wa mapepala ukulira pamisana. Anatsegula, analanda buku, namutulutsa mwana panja mochita kukankha. Anamuuza kuti apite akasewere, adokotala anatero.

Pemphero anapita mpaka m'mphepete mwa bwalo n'kuima. Manja anawaika kumbuyo. Ana aja anamuyang'ana, mtsikana wamtali wa magalasi amene ankangomuona podutsa, ndipo palibe anamuitana, poti sankadziwa kuti ameneyu amaitanidwa. Alefa ali pakhomo ankaona milomo ya mwana ikugwedera. Ankaloweza manotsi. Patapita kanthawi anatembenuka.

"Amayi, ndiime mpaka nthawi yanji?"

Alefa anamva chisoni chimene anali asanachimvepo. Mwana wake ankayesa kuti ndi chilango. Mtsikana wamkulu ndithu, wodziwa mitsinje ya mayiko amene sadzawaona, osadziwa kuti pa fulaye munthu amalowa bwanji, ndipo anamufikitsa pamenepo ndi iye.

Anamuitana. Anakhala pansi kumbali ya nyumba kumene kunkawomba dzuwa, msana kukhoma, miyendo tambalale. Anakumba kadzenje ndi kamtengo, natuma mwana kukatola timiyala. Anati amuphunzitsa phada, pakuti pa utsikana wake ku Chinakanaka kunalibe womuposa. Anaponya mwala m'mwamba, nakokera timiyala kunja kwa dzenje, koma zala zong'ambika ndi tiyi zinachedwa, mwala n'kugwera pachitenje. Anayesanso, unagweranso. Pemphero anaseka, kenako anayesa iye, ndipo mwala unamugunda pagalasi, onse awiri n'kudzidzimuka, n'kusekanso. Khoma linali lofunda. Alefa anati apumeko pang'ono, aziona mmene mwana akuchitira.

Anadzidzimuka dzuwa litapendeka, mthunzi wa nyumba ya Joice utafika kumapazi. Mwendo wakumanzere sankaumva. Pemphero anali atagona pomwepo, mutu pantchafu ya amayi ake, kukamwa kuli yasa, magalasi atapendekera kukhutu, kamwala kali m'manja. Ankapuma mozama ngati khanda.

Madzi anali asanatungidwe. Moto unali usanasonkhedwe, ndiwo zinalibe poyambira, ndipo m'nyumba buku linali chitsegukire pamene linagwera. Joice anatulukira pakona ndi chidebe pamutu, pakamwa patatseguka kale. Alefa anaika chala pamilomo. Anamuvula mwana magalasi pang'onopang'ono, nawapinda, n'kuwasunga m'manja. Sankadziwa ngati akumupulumutsa kapena akumuluzitsa, ndipo panalibe woti amufunse. Mwendo unapitiriza kuchita dzanzi, koma sanausunthe.